Mwana akamajambula roketi yake, musamulande pensulo

Loweruka lapitali ndinalakwitsa chinthu china, ndipo mpaka lero chikundivutabe mumtima.

Achemwali anga anandisiyira ana awo awiri popita ku chinkhoswe. Wamkulu ndi mtsikana wa zaka 6, wamng'ono ndi mnyamata wa zaka 4. Magetsi anali atazima, foni ili pafupi kutha moto, ndiye za makatuni panalibe. Ndinang'amba mapepala pakati pa kope lakale, n'kutola pensulo ziwiri ndi makrayoni othyokathyoka, tonse n'kukhala pamkeka pakhonde.

"Amalume, tijambule chiyani?"

Ndinati roketi. Wamng'onoyo sankaidziwa n'komwe, ndiye ndinatenga chimanga chouma, n'kusenda makoko kuwapindira pansi, n'kuchiimika pamkeka. Ndi imeneyi. Thupi lalitali, mutu wosongoka ngati denga la nkhokwe, timapiko m'munsi, kenako moto wotulukira kumatako. Mizere iwiri yoimirira, ka makona atatu pamwamba, tina tiwiri m'mbali, basi roketi yatha. N'chifukwa chake ndimaikonda kwa ana a msinkhu umenewu. Galu kapena njinga zimawavuta mpaka kulira, koma roketi ngakhale dzanja likunjenjemera imatulukabe.

Vuto linabwera pa mawindo. Mtsikanayu anajambula mawindo kuyambira kumutu mpaka kumoto, asanu ndi awiri, pawindo lililonse pali nkhope. Ine ndi sukulu yangayi ndinalephera kupirira. Ndinamulanda pensulo, n'kufufuta mawindo asanu ndi limodzi, n'kumuuza kuti roketi si minibasi. Anayang'ana pepala, anandiyang'ana ine, kenako anakankha makrayoni n'kunena kuti, "Ndiye jambulani inuyo." Anapita kukakhala kuseri kwa nyumba.

Zimene ndinanenazo zinali zoona. Saturn V, roketi imene inanyamula Neil Armstrong, Buzz Aldrin ndi Michael Collins kuchoka ku Florida, m'dziko la America, pa 16 July 1969 pa ulendo wa kumwezi, inali yaitali mamita pafupifupi 110, koma pafupifupi thupi lonselo linali matanki a mafuta. Anthu atatuwo anapanikizana m'kachipinda kakang'ono kumtunda kwenikweni, ndipo pa chimphona chonsecho ndi kachipinda kameneko kokha kamene kanabwerera nawo, n'kudzagwera m'nyanja ya Pacific. Koma chilungamo changacho chinandipindulira chiyani? Chinangothamangitsa wojambula.

Nditapita kukamunyengerera ndi mtedza, ndinamufunsa kuti nkhope zija zinali za ndani. Anaziwerenga pa zala: amayi, ababa, agogo, iyeyo, mng'ono wake, mnzake wa kusukulu, ndi ine. Ndiye kuti ndinadzifufuta ndekha.

Maganizo anga ndi awa. Pophunzitsa mwana kujambula, inu khalani ndi pepala lanu, iye ndi lake. Jambulani pang'onopang'ono iye akuona, atengeko chimene akufuna. Dzanja lanu lisafike pa pepala lake. Ndipo m'malo monena kuti "sizikhala choncho", funsani. Titabwerera pamkeka ndinamufunsa chifukwa chake mutu wa roketi uli wosongoka. Anaganiza kaye, n'kunena kuti n'cholinga choti iboole mitambo. Sanaphonye kwenikweni, chifukwa nsongayo ntchito yake ndi kung'amba mpweya. Timapiko tija n'chimodzimodzi nthenga za kumbuyo kwa muvi, timathandiza kuti chinthu chisamayende chopepeluka. Za moto ndinawaonetsa ndi chibaluni: ndinachipopa n'kuchisiya osamanga, mpweya ukutulukira kumbuyo, icho chikuthamangira kutsogolo mpaka kukagwera m'maluwa. Wamng'ono uja anandipopetsa kasanu, mutu kuchita kuwawa.

Mayi wina woyandikana nafe anaima pampanda n'kuseka. Akuti bwanji osawaphunzitsa a e i o u, kapena kujambula nyumba ndi mtengo, zinthu zimene akuzidziwa, osati za azungu. Sindinawayankhe chifukwa ndi akuluakulu, koma pano ndiyankha. Mwana akamakoka mzere woongoka ndi kutseka ka makona atatu, dzanja lake likuphunzira zomwezo zimene adzalembere A ndi M. Komanso nyumba ndi mtengo amazijambula kale tsiku ndi tsiku, palibe funso latsopano limene zimamubweretsera. Roketi inabweretsa mafunso mpaka ndinatopa: kumwezi n'kutali bwanji, amakadya chiyani, chimbudzi chili pati. Loyambalo ndinayankha kuti ndi makilomita pafupifupi 384,000, ulendo wa masiku atatu kwa anthu atatu aja a mu Saturn V. La chimbudzi ndinati akafunse aphunzitsi.

Ndipo zoti n'za azungu okha, ayi. Mu 1964, pamene Zambia inkalandira ufulu, mphunzitsi wina wa sayansi, Edward Mukuka Nkoloso, ananena poyera kuti atumiza anthu a kwawo kumwezi, ngakhale ku Mars, asanafikeko a ku America ndi Russia. Ophunzira ake ankawalowetsa mu dramu n'kuwagubuduza pa chitunda kuti azolowere. Anapempha ndalama ku UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi sayansi, sanapatsidwe, ndipo palibe amene ananyamuka. Anthu amaseka nkhaniyi mpaka lero, inenso imandiseketsa, koma munthuyo anali wa konkuno, ndipo anayang'ana mwezi n'kuona malo oti n'kupitako.

Musadandaulenso za zipangizo. Mapepala atatha, ana aja anatenga makala pambaula n'kujambula roketi ina pa simenti ya khonde, yaitali kuposa iwo eni. Wamng'ono anagona m'kati mwake chagada n'kuyamba kuwerenga chobwerera, ngakhale kuti manambala ake amadumpha kuchoka pa 5 kufika pa 2.

Achemwali atabwera madzulo anapeza khonde lakuda bii, n'kundiyang'ana ndi diso lija. Ndinakolopa ndine. Pepala lija mtsikanayu analisiya, ndalimata pachitseko cha chipinda changa. Mawindo onse anawabwezeretsa, ndipo anawonjezera lachisanu ndi chitatu, la mbuzi ya agogo.