Zipangizo za chitsulo ndi pulasitiki n'zabwino, koma tisaiwale za moto

Nkhani ina yomwe ndawerenga yafotokoza bwino kuti zipangizo zophatikiza chitsulo ndi pulasitiki, zomwe zimangolumikizidwa ndi mabawuti popanda kuwotcherera, zikugwiritsidwa ntchito m'mafakitale, m'zipatala ndiponso pa zomangamanga. Ine ndimapanga mashelefu ndi zikwangwani za masitolo kuno ku Salima, ndipo ndikuvomereza kuti n'zopepuka komanso sizichita dzimbiri msanga, zomwe n'zofunika kwambiri ku Senga Bay kumene chinyezi cha m'nyanja chimadya chitsulo chosapentedwa. Shelefu ikathyoka mwendo, mumangomasula mwendowo n'kuikapo wina, osadikira kuti magetsi ayake ndiye wowotcherera agwire ntchito.

Komabe, alembi a nkhaniyo sanakhudze za moto. Mapanelo ambiri okutira makoma amakhala ndi timalata tiwiri topyapyala ta aluminiyamu, ndipo pakati pake pamakhala pulasitiki ya polyethylene yomwe imasungunuka n'kuyaka ikakumana ndi malawi. Mapanelo otere ndi amene anachititsa kuti moto ufalikire msanga panyumba ya Grenfell Tower ku London mu Juni 2017, pomwe anthu 72 anafa. Alipo mapanelo ena omwe pakati pake amasakanizamo ufa wa miyala wosayaka, koma wogula ayenera kufunsa ndithu, chifukwa pamaso onse amaoneka chimodzimodzi.

Chinanso ndi dzuwa lathu la Okutobala, lomwe limafutukula aluminiyamu. Panelo lina lomwe ndinalimanga mothinitsa linapindika pakati ngati lichero, moti masiku ano ndimasiya kampata ka mamilimita angapo pamalumikiziro onse.