Mlatho wa zingwe umafuna wousamalira

Aliyense amene anawolokapo mlatho wa zingwe pa chigwembe cha mtsinje wa m'mapiri akudziwa mmene mtima umagundira munthu akafika pakati, matabwa akutepa pansi pa mapazi, madzi akukokoma kutali pansipo, manja atakakamira waya wa m'mbali. Kutepako sikundidetsa nkhawa, chifukwa mlatho wotere anaupanga kuti uzitero. Nkhawa yanga ili pa mbali zimene woyenda saziona, makamaka pamene zingwe zikuluzikulu zamangiriridwa m'thanthwe kapena m'konkire tsidya lino ndi tsidya linalo, popeza kulemera konse kwa anthu ndi katundu wawo kumathera pamenepo, ndipo dzimbiri limadya waya mwakachetechete kuyambira mkati.

N'chifukwa chake ndimaona kuti timalakwitsa kwambiri tikamayesa kuti ntchito yatha pa tsiku lotsegulira mlatho. Ku Peru kuli mlatho wa Q'eswachaka pa mtsinje wa Apurímac, wotalika mamita pafupifupi 28, umene ndi wa zingwe za udzu monga ankamangira a Inca, anthu akale a m'dzikolo. Mwezi wa June chaka chilichonse midzi inayi imasonkhana, amayi amapota udzu kukhala tizingwe, abambo amaluka tizingweto kukhala zingwe zonenepa ndi kuzikoka kuwolotsa chigwembe, ndipo mlatho wakale amaudula kuti ugwere m'madzi. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unalepheretsa mwambowu, ndipo mu 2021 mlathowo unaduka, mpaka eni ake anabwerera kudzaulukanso. Zimandikhudza mtima kuti anthu amenewa sadikira kuti chingwe chiwachenjeze.

Chitsulo chimapusitsa chifukwa chimaoneka ngati sichitha. Pa 30 October 2022 mlatho wa oyenda pansi wa ku Morbi, m'dziko la India, unagwa patangopita masiku ochepa utatsegulidwanso, ndipo anthu oposa 130 anafa. Panali khamu lalikulu, ndipo ofufuza anapeza kuti mawaya ambiri a chingwe chachikulu anali atadyeka kale ndi dzimbiri.

Pempho langa kwa omanga ndi lakuti asachoke pamalo asanasiye munthu wodziwika ndi dzina amene waphunzitsidwa kumanga mabawuti, kupaka girizi, kusintha thabwa lofumbwa ndi kuyendera maziko nyengo ya mvula ikatha, komanso chikwangwani chonena chiwerengero cha anthu oyenera kuwoloka nthawi imodzi. Munthu ameneyo apatsidwenso mphamvu zotseka mlatho akaona waya woyamba waduka, ngakhale owoloka atadandaula kuti njira yozungulira ndi yaitali.