Ova-ova ili m'chiuno, koma simumvana

Sabata yathayi ndinaima m'mbali mwa msewu pafupifupi maola awiri, ndipo zimene ndinaona zikundiwawabe mpaka lero. Basi inawombana ndi lole. Apolisi anafika msanga, pamenepo ndiwayamikire. Ozimitsa moto anabwera pambuyo, chimanjamanja, opanda chida chodulira zitsulo, chifukwa amene anawaimbira anangoti kwachitika ngozi, osanena kuti anthu apanikizika mkati. Ndinamva mawa lake kuti ma ambulansi onse anakatula ovulala pachipatala chimodzi chomwe sichinauzidwe n'komwe, chikhalirecho china chinali pafupi. Koma chimene chinandithetsa mawu ndi wapolisi wina wa nyota zake paphewa, ova-ova ili lende m'chiuno, akubwereka foni kwa mnyamata wongodutsa kuti afunse mnzake nambala ya mkulu wa ozimitsa moto. Mayi ali gone pa phula, magazi ali chuchuchu, bwana akusaka nambala!

Inu akuluakulu a m'maofesi, manyazi anakutherani kodi? Nambala ya mnzako wa ntchito ndi yosaka tsiku la ngozi? Chaka chonse mumatani? Mumakumana m'mahotela, kujambulitsa, kusainirana mapepala a mgwirizano, kenaka aliyense kukagula mawailesi ake osamvana ndi a mnzake. Wapolisi ali pa tchanelo chake, wa ambulansi pa chake, msilikali pa chake, wa zanyengo watumiza chenjezo pa kalata imene yagona pa tebulo chifukwa woisainira wapita ku msonkhano. Mukafunsidwa mumati tili ndi gulu la WhatsApp. Nanga netiweki ikagwa? Nanga magetsi akathima, nsanja zamafoni n'kuzima nazo? Nanga theka la anthu a m'gululo anasamutsidwa kalekale, ena anapuma ntchito, mukulembera ndani?

Musaganize kuti ndi vuto la osauka. Pa 11 September 2001 ku New York, zigawenga zitaomba ndi ndege nyumba ziwiri zosanja zazitali, imodzi n'kugwa, apolisi a mu helikopita anaona kuti nyumba yotsalayo singalimbe, uthenga n'kufika kwa apolisi anzawo. Ozimitsa moto ambiri amene anali mkati sanaumve, mawailesi awo anali ena. Tsiku limenelo anafa ozimitsa moto 343. Ku Manchester, ku England, mu May 2017, bomba litaphulika pamalo a zoimbaimba n'kupha anthu 22, ozimitsa moto anafika patapita maola awiri. Sikuti anali kutali ayi, anali chire kudikira uthenga umene palibe anawapatsa. Anthu ophunzitsidwa kunyamula ovulala, galimoto zili ndi mafuta, angokhala!

Ndiye musandiuze za ndalama. Dziko la South Korea, sitima ya Sewol itamira mu 2014, linawononga chuma chambiri kumanga netiweki imodzi yoti apolisi, ozimitsa moto ndi maofesi ena a boma azilankhulirana pa ngozi. Mu October 2022 anthu oposa 150 anafa popanikizana mu kanjira kopapatiza ku Itaewon, mu mzinda wa Seoul. Anthu anayamba kuimbira apolisi pa 112 kutatsala pafupifupi maola anayi kuti zoopsazo zichitike. Netiweki yokwera mtengo ija sinagwiritsidwe ntchito mmene inayenera usiku umenewo. Chida chingatani ngati mwini wake sanazolowere kudina batani loitanira mnzake wa yunifolomu ina?

Nthenda yake ndi mtima wa ubwana. Aliyense akafika pamalo a ngozi afuna akhale tambala, wina safuna kulamulidwa ndi wa nthambi ina, wina akubisa zimene akudziwa kuti akayambe ndiye kuuza nduna. Mapeto ake atambala asanu akulira khola limodzi, kapena onse ali zii poyembekeza kuti wina ayambe. Kodi n'chovuta chiyani kugwirizana dzuwa likuswa mtengo kuti ikagwa ngozi yakuti, wolamula ndi uyu, tonse tikumana apa, tchanelo ndi ichi? Ndipo mukamalankhula pa wailesipo, siyani manambala anu achinsinsi aja amene wa nthambi ina sawadziwa. Nenani kuti ovulala alipo angati, ali pati, njira yotseguka ndi iti. Zoyeserera mwazisandutsa chionetsero cha atolankhani, ma sairini kulira, akuluakulu kuomba m'manja, osayesako ngakhale kamodzi kuzimitsa mafoni onse kuti muone ngati mungapezane.

Nanunso olankhulira maofesi, chenjerani ndi pakamwa. Uyu akuti thawani, uyo akuti khalani m'nyumba, wachitatu akuti tikufufuzabe. Munthu wabereka mwana kumbuyo amvere ndani? Ku Hawaii, ku America, mu January 2018 anatumiza pa mafoni a anthu chenjezo labodza lakuti mzinga ukubwera, ndipo panatha mphindi 38 asanatumize uthenga wokonza. Mukatero kawiri katatu, tsiku la chenjezo lenileni anthu adzangotembenuka n'kupitiriza tulo.

Mayi wa pa phula uja sindikudziwa ngati anafika kuchipatala ali moyo. Bwana uja nambala anaipeza, koma ozimitsa moto anali atabwerera kale kukatenga chodulira. Tchajani mabatire, lembani manambala a anzanu, ndipo mukhale pansi mumvane isanagwe ina. Mwakula nazo izi, asa!