Ankhoswe nawonso aphunzireko genetics

Maganizo anga ndi akuti phunziro la genetics, la mmene ana amatengera zinthu kwa makolo awo, makamaka gawo loyambiriralo, lisamathere kwa madokotala ndi ophunzira a ku Bunda okha. Lifike kwa ankhoswe, kwa anamkungwi, kwa akulu a mpingo amene amalangiza achinyamata ukwati usanachitike, ngakhalenso kwa mafumu amene amaweruza milandu ya m'mabanja. Ndikutero chifukwa ndikuchita kosi yotereyi pa intaneti, ya yunivesite ina ya kunja, ndipo pafupifupi mutu uliwonse umene tatsegula wandikumbutsa mkangano umene ndinaumvapo pakhonde pa munthu, kaya muno mu Lilongwe kaya kumudzi.

Anzanga a kuntchito amandiseka. Akuti wanzeru akapeza mpata wophunzira pa intaneti amatenga za akawunti kapena za mapulojekiti, zoti mawa akalembe pa CV. "Nanga zako za nsawawazi zidzakudyetsa?" Mwina sizidzandidyetsa, sindikukana.

Kaphunziridwe kake n'kosavuta. Mphunzitsi amajambula mavidiyo afupiafupi, ife timaonera, kenako timayankha mafunso. Ndimawatsitsa usiku ndi bandulo yotsika mtengo, n'kumaonera m'minibasi yochokera ku Area 25, foni kumanja, chenji cha kondakitala kumanzere. Magetsi akathima ndiye kuwerenga zolemba pamanja ndi tochi. Mwayi wake ndi wakuti gawo loyambirirali silifuna makina. Limafuna pepala, pensulo ndi mutu wodekha. Ntchito yaikulu ndi kujambula kabokosi ka zipinda zinayi, za bambo pamwamba, za mayi m'mbali, n'kuona zimene mwana angatenge.

Amene anayambitsa zonsezi analibenso makina. Gregor Mendel anali wansembe ku Brno, mzinda wa m'dziko limene lero ndi Czech Republic, ndipo kuyambira 1856 mpaka 1863 ankangodzala nsawawa m'dimba la nyumba ya ansembe, kukwatitsa mitundu, n'kumawerenga ana ake mmodzimmodzi. Atakwatitsa ya maluwa ofiirira ndi ya maluwa oyera, ana onse anatuluka ofiirira, oyera aja ngati atha. Koma zidzukulu zitabwera, oyera anatulukiranso: ofiirira 705, oyera 224. Atatu pa mmodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Analemba zimene anapeza mu 1866, anthu osalabadira, mpaka mu 1900 iye atamwalira kale. Mfundo yake ndi imene ndikufuna kuti ankhoswe aidziwe: pafupifupi jini lililonse (gene pa Chingerezi, kalangizo ka m'thupi kamene mwana amatengera kwa makolo) timakhala nalo pawiri, lina la kwa bambo lina la kwa mayi, ndipo pali majini ena amene amabisala mwa munthu wooneka bwinobwino, n'kudzaonekera pokhapokha mwana akalandira obisalawo mbali zonse ziwiri.

Tiyambe ndi yophweka, ya mwana wamwamuna. Pafupifupi m'selo lililonse la thupi lathu muli ma chromosome 46, timaulusi tonyamula majini, okhala awiriawiri. Awiri omalizawo mwa mkazi ndi X ndi X, mwa mwamuna ndi X ndi Y. Dzira la mayi limanyamula X nthawi zonse, silingachitire mwina. Mbewu ya bambo ndi imene imafika ndi X kapena Y. Izi anazifotokoza mayi wina wa ku America, Nettie Stevens, kalekale mu 1905. Komabe mpaka lero timamva bambo akuti akufuna kukwatira wachiwiri chifukwa "mkaziyu amangondiberekera akazi okhaokha." Kwathu kwa Achewa mwana wamkazi ndi mbumba, agogo athu ankalulutira, koma m'tauni muno aliyense akufuna womusiyira dzina ndi poloti. Nkhoswe wodziwa za X ndi Y angathetse mlandu umenewu tiyi asanazizire. Ndipo asatembenuke n'kuyamba kuloza chala bamboyo, chifukwa nayenso sasankha.

Imene yandigwira mtima kwambiri ndi ya matenda a magazi otchedwa sickle cell. Kumene ndinkachita lendi kale kunali mwana amene anayamba kutupa timanja ndi timapazi asanakwanitse chaka. Ankalira usiku wonse, ukamukhudza ndiye ngati wamuotcha. Maso achikasu, m'manja moyera, kuchipatala kosatha kukaonjezera magazi. Apongozi ake a mayiyo ankabwera ndi mawu awo: kwathu kulibe zoterezi, magazi oipa ndi a kuchikazi. Ena ankanong'ona kuti alipo amene akumuyamwa mwanayo usiku. Mayiyo ankangoti zii, mwana ali kumsana.

Kosi yandionetsa kuti chonsecho chimachokera pa chilembo chimodzi chokha cha DNA, mmene majini amalembedwamo, mu jini lopanga mphamvu yofiira ya m'magazi, pa chromosome 11. Chilembocho chikasintha, maselo ofiira amapindika ngati chikwakwa mpweya ukachepa, amatseka timitsempha, ndiye ululu uja. Amafanso msanga, m'masiku 10 mpaka 20, pomwe abwinobwino amakhala masiku pafupifupi 120, ndiye kutha magazi kuja. Miyezi yoyambirira mwana amaoneka bwino chifukwa amakhala akugwiritsabe ntchito mtundu wa magazi umene anali nawo m'mimba. Koma pamene pagona nkhani ndi apa: mwana sangadwale matendawa atatenga jinilo mbali imodzi yokha. Amayenera kulandira la kwa mayi ndi la kwa bambo. Apongozi aja, kunena mwaulemu, theka la nkhaniyo linachokera m'nyumba mwawo, kwa iwo eni kapena kwa amuna awo.

Makolo onse awiri akakhala onyamula jini limodzi koma osadwala, amene a chipatala amawalemba kuti AS, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi pa inayi woti mwana adzadwala, iwiri woti adzangonyamula, umodzi woti sadzatenga n'komwe. Pa mimba iliyonse, ndikubwereza, chifukwa apa ndi pamene ambiri timagwa ngakhale pa mayeso. Sikuti woyamba akadwala ndiye kuti atatu otsatira apulumuka. Zili ngati kuponya khobidi m'mwamba, silikumbuka mbali imene linagwera poyamba. Banja lina ana anayi onse bwinobwino, lina atatu odwala, makolo ali ofanana ndendende.

Nanga bwanji jini lozunza chonchi lili ponseponse kuno kwathu? Yankho ndi malungo. Anthony Allison, amene anakulira ku Kenya, anasonyeza mu 1954 kuti onyamula jini limodzi amatetezeka ku malungo aakulu. Kumene udzudzu unkapha ana ambiri, onyamulawo ankapulumuka, kukula, n'kubereka. Ndiye amene timamunena kuti ali ndi magazi oipa, ndi magazi omwewo amene anapulumutsa azigogo ake.

Mipingo yambiri imalimbikitsa achinyamata kukayezetsa HIV asanadalitse ukwati. Ine ndikuti pamenepo paonjezedwe sickle cell. Osati kuti abusa kapena ankhoswe aletse ukwati, ayi, imeneyo si ntchito yawo. Awiriwo adziwe basi, asankhe okha, ndipo akasankha kupitiriza adziwe kuti mwana ayezedwe msanga. Mankhwala alipo: penisilini woteteza ku matenda, oteteza malungo, hydroxyurea amene amachepetsa ululu ndi kutha magazi. Mwana wodziwika msanga sangafanane ndi amene watha zaka ziwiri akutemedwa mphini.

Kabokosi komweko kamagwiranso ntchito pa khungu lachialubino. Mtundu wofala kwambiri kuno kumwera kwa Africa umachokera pa jini lotchedwa OCA2, pa chromosome 15, ndipo nalonso limabisala. Bambo wakuda bii, mayi wakuda bii, onse onyamula, mwana n'kubadwa wachialubino. Palibe mzungu amene wadutsapo, palibe mwambo umene mayi waphwanya, ndipo kulavulira malovu pachifuwa ukakumana ndi mnzathu wachialubino sikusintha kanthu m'mimbamo. Koma ndi amayi angati amene athawidwa tsiku lotuluka m'chikuta? Kuyambira cha m'ma 2014 dziko lino linachita manyazi ndi kuphedwa kwa abale athuwa komanso kufukulidwa kwa manda awo, pa bodza loti m'mafupa mwawo muli chuma. Chimene chikusiyana mwa iwo ndi kuchepa kwa utoto wa khungu, tsitsi ndi maso basi, n'chifukwa chake dzuwa ndi khansa ya pakhungu zimawavutitsa, ndipo amafunika zipewa, mafuta oteteza ndi magalasi. Mu 2021 a Overstone Kondowe anasankhidwa kukhala phungu ku Nkhotakota, woyamba wachialubino m'Nyumba ya Malamulo yathu. Ndinakondwa, komabe mwana wa Sitandade 6 ayenera kudziwa kujambula kabokosi kaja asanamve bodza la m'mafupa kwa amalume ake.

Pano ndiyenera kuchenjeza, chifukwa kudziwa theka n'koopsanso. Masiku ano pa Facebook aliyense wasanduka katswiri wa DNA. Mwana akangobadwa woyererapo, kapena mphuno yosafanana ndi ya bambo, ndemanga ndi imodzi: kayezetseni. Ndinamvapo bambo wina akutsimikiza kuti mwana si wake chifukwa iye ali ndi gulu la magazi A, mkazi wake B, mwana O. Zimenezo zimachitika bwinobwino. O amabisala mwa A ndi mwa B momwe, ndipo banja lotere likhoza kubereka ana a magulu onse anayi. Mtundu wa khungu, msinkhu ndi maonekedwe a nkhope sizidalira jini limodzi, zimadalira ambirimbiri osakanikirana, n'chifukwa chake mwana amatha kulumpha makolo n'kukafanana ndi agogo amene sanawaonepo. Makandanso ambiri amabadwa oyererapo, amada pang'onopang'ono. Sindikuti chinyengo kulibe m'mabanja, chilipo. Koma mphuno si umboni.

Kosiyo payokha ndili nayo dandaulo. Zitsanzo zake ndi za kwawo: maso obiriwira, matenda a cystic fibrosis amene kuno ndi osowa, ntchentche za zipatso za Thomas Hunt Morgan. Sickle cell anaipatsa mphindi zochepa, ngati chitsanzo chokometsera phunziro, pomwe kuno ndi mwana wa neba. Mphunzitsi yemweyo amanena kuti anthu a mu Africa ndi amene ali ndi majini osiyanasiyana kuposa a kwina kulikonse, popeza anthu onse anachokera kuno, chonsecho kafukufuku wambiri wachitika pa azungu. Ndiponso tisanamizane, pa intaneti sungagwire chipangizo cha mu labu. Amene akufuna kudzakhala wofufuza weniweni adzafunikabe kupita ku Bunda kapena ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, akagwire ndi manja. Chimene intaneti yachita ndi kutsegulira ena tonsefe, amene tili pantchito, amene mapointi sanatilole.

Koma labu ina tili nayo kale kuseri kwa nyumba. Tengani chitsononkho cha chimanga cha makolo, chija chokhala ndi njere zoyera, zachikasu ndi zofiirira pamodzi. Ndevu iliyonse ya chimanga imathera pa njere imodzi, ndipo iliyonse imalandira mungu wakewake wochokera ku ngayaye, wina wa m'munda momwemo, wina wouluka ndi mphepo kuchokera kwa oyandikana nawo. Chitsononkho chimodzi, mayi mmodzi, abambo ambirimbiri. Musawauze a DNA a pa Facebook aja. Njere zamawangamawanga ngati zimenezi ndi zimene Barbara McClintock anakhala nazo zaka zambiri mpaka kutulukira kuti majini ena amasuntha malo, n'kulandira mphoto ya Nobel mu 1983.

Ndipo Mendel amayankhanso dandaulo la chaka ndi chaka la mbewu yobwereza. Munthu wagula hayibulidi, wakolola bwino, mtengo wa mbewu wakwera, ndiye wasankha zitsononkho zazikulu m'nkhokwe n'kudzalanso. Chaka chachiwiri m'munda muli chipwirikiti: ena mapesi aatali, ena aafupi, ena abereka msanga, ena tizitsononkho ta manyazi. Amada feteleza, amada mvula, amada wogulitsa. Chimene chachitika n'chakuti hayibulidi ndi mwana woyamba wa makolo awiri osiyana, ofanana onse m'thumba lija, koma ana ake ndi zidzukulu zija za Mendel, zobisala zonse zatulukira. Chimanga cha makolo sichichita zimenezi mwadzidzidzi chonchi, n'chifukwa chake agogo ankapachika mbewu pa utsi chaka ndi chaka osadandaula. Mlimi akadziwa kusiyanaku amasankha ndi maso otsegula.

Amene amakwatitsa mbewuzi sali kutali, ali pa Chitedze pompa, msewu wa ku Mchinji. Hayibulidi wakale anali wofewa, ukakonola amangothera ku gaga, anankafumbwe osamusiya, ndipo amayi anamukana. Ofufuza athu anamva, n'kukwatitsa mitundu mpaka kutulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, zanjere zolimba zopirira mtondo. Nkhani imeneyi ndikanakonda ikanakhala mu kosi yathu, m'malo mwa maso obiriwira.

Dzinja likubwerali ndikufuna kudzala mizere ingapo kuseri kwa nyumba, choyera ndi chofiirira, ndiphimbe ndevu ndi timapepala, ndithire mungu ndekha, kenako chaka chinacho ndidzawerenge njere ndione zimene zituluke. Vuto ndi nkhuku za alandilodi komanso mbewu. Amene muli ndi abale cha ku Mitundu kapena ku Nsundwe osunga chimanga cha makolo chofiirira chenicheni, ndiuzeni, ndikufuna zitsononkho ziwiri kapena zitatu. Ndigula, sindikupempha zaulere.