Nkhuku za Chisomo

Mushopu yogulitsa anapiye ndi zakudya za nkhuku, Lachiwiri m'mawa. Walowa mmodzi mwa anthu aja amafunsa nzeru yankho ali nalo kale m'thumba.

BAMBO: Mtendere, mayi. Ndipatseni mankhwala a nkhuku, amphamvu kwambiri.

MAYI: Zikudwala chiyani?

BAMBO: Musatero. Mawu amalenga. Sizikudwala, zili pa mayesero.

MAYI: Chabwino, mayeserowo akuoneka bwanji?

BAMBO: Zitosi zobiriwira, kupuma kwa befu. Zina zapinda khosi, zikungoyang'ana kumwamba. Zimenezo ndiye zikundilimbikitsa.

MAYI: Bambo, chimenecho ndi chitopa. Sizikupemphera. Munatenga anapiye angati?

BAMBO: 100. Khumi oyamba ndinapereka kwa abusa, chakhumi.

MAYI: Pa 90 otsalawo?

BAMBO: Otsalira okhulupirika alipo 23.

MAYI: Munawatenga liti?

BAMBO: Masabata anayi apitawo, Lachisanu, nditaweruka kuntchito. Ndinawatula m'khola, ndinasanjika manja, kenako ndinathamangira ku mapemphero a usiku wonse.

MAYI: Mbaula anatsala nayo ndani?

BAMBO: Wosunga Israyeli sawodzera.

MAYI: Koma makala amawodzera. Mwanapiye wa tsiku limodzi sangadzifunditse yekha. Sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, kenako mumatsitsa ndi madigiri atatu sabata iliyonse. Mbaula imodzi siifika mbandakucha, pamafunika munthu wodzuka pakati pa usiku kuonjezera makala oyaka kale, osati a utsi. Ngati mulibe choyezera, yang'anani anapiyewo: akathawira kukhoma kukamwa kuli yasa, kwatentha; akamwazikana n'kumadya, zili bwino; akaunjikana pamodzi, azizidwa. M'mawa munawapeza bwanji?

BAMBO: Ali pa chiyanjano, pakona, mulu umodzi. Umodzi woterowo ngakhale kumpingo kulibe.

MAYI: Apansi pa muluwo?

BAMBO: 31 anatsogola.

MAYI: Anapsinjana. N'chifukwa chake timazunguliza katoni kapena lata kuti pasakhale kona. Katemera munapereka?

BAMBO: Ndinadontheza mafuta odzoza m'zomwera.

MAYI: Ndikunena katemera. Tsiku la 7 wa chitopa, la 14 wa gumboro, matenda ena opha anapiye, la 21 kubwereza wa chitopa. Mumamutenga pano ali mu ayezi, mwachangu kunyumba, osadutsira ku kwaya. Mumachotsa madzi kwa ola limodzi kapena awiri kuti zimve ludzu, mumasungunula m'madzi opanda klorini, a pamjigo, ndipo zimwe zonse pasanathe maola awiri. Akakhala padzuwa wafa, mwangomwetsa madzi wamba.

BAMBO: Tsiku la 7 linali Lachisanu. Usiku wonse.

MAYI: M'mawa wake musanapite kuntchito?

BAMBO: Ndimadzuka 4 koloko kupemphera mpaka 6. Ikakwana 6 ndiye ndathamangira minibasi, abwana amafuna 7:30 ndili pampando.

MAYI: Loweruka?

BAMBO: Kuphiri la Bunda.

MAYI: Lamulungu masana?

BAMBO: Komiti ya zomangamanga. Lolemba kwaya, Lachitatu kumasulidwa, Lachinayi kuyendera odwala.

MAYI: Odwala muli nawo 23 kuseri kwa nyumba.

BAMBO: Inu mayi mukuoneka kuti mumayenda ndi zooneka ndi maso.

MAYI: Ine ndine wa chigwirizano cha amayi, yunifomu ili m'chikwamamu. Zimadya chiyani nkhukuzo?

BAMBO: Madeya. Lachitatu zimasala nane mpaka 6 madzulo.

MAYI: Nkhuku yanyama kusala! Imeneyo ntchito yake ndi kudya. Nkhuku 100 zimamaliza matumba 8 kapena 9 a makilogalamu 50 pa masabata asanu ndi limodzi: awiri a sitata, atatu a gulowa, otsalawo finisha. Mukazipatsa madeya okha zimakula nthenga ndi miyendo basi, wogula akanyamula amaona ngati wagwira njiwa.

BAMBO: Danieli anadya zamasamba n'kunenepa.

MAYI: Danieli sankagulitsidwa pa kilo. Pansi munayala chiyani?

BAMBO: Utuchi. Womwe uja wa tsiku loyamba.

MAYI: Wonyowa?

BAMBO: Ndimawaza madzi odalitsika m'mawa uliwonse, ngodya zonse zinayi.

MAYI: Ndiye mukumva fungo loboola m'maso lija, ndipo posachedwa muona magazi m'zitosi. Utuchi uzikhala wouma, wonyowa muzichotsa tsiku lomwelo. Tamverani bambo, ngakhale Nowa sanangouzidwa kuti khulupirira. Anapatsidwa miyeso: mikono 300 m'litali, 50 m'lifupi, 30 kutalika, ndi phula mkati ndi kunja. Akanati phula ndilibe nalo nthawi ndili kuphiri, bwenzi inu ndi ine kulibe.

BAMBO: Nowa analibe abwana ngati anga.

MAYI: Ogwira ntchito ambiri akuweta. Amatenga anapiye Lachisanu n'kukhala nawo Loweruka ndi Lamulungu, ena amapempha tchuthi cha masiku atatu. Sabata ziwiri zoyambazo mapemphero a usiku amachitira m'khola momwemo, Baibulo m'manja, diso pa mbaula. M'mawa mphindi 30 zokha: kutsuka zomwera, kuthira chakudya, kuona yofooka. Masana pakhale munthu wosintha madzi. Ngati mukufuna msika wa Khirisimasi, werengani chobwerera masiku 42, anapiye alowe cha pa 13 Novembala.

BAMBO: Zonsezo ndamva. Tsono mankhwala aja?

MAYI: Chitopa chilibe mankhwala. Katemera ndi wa nkhuku zamoyo bwino, osati zopinda kale makosi. Zakufa mukwirire mozama kapena muwotche, musagulitse, musapatse agalu. Khola mutsuke ndi mankhwala ophera tizilombo, likhale lopanda kanthu masabata awiri.

BAMBO: Nanga bwanji khumi aja a abusa onse ali moyo? Ndawaona dzulo, onenepa ngati abakha. Mukuona kusiyana kwa kudzoza?

MAYI: Abusa anu aja aatali, a njinga yamoto yofiira?

BAMBO: Omwewo! Munthu wa Mulungu.

MAYI: Amabwera pano ndi kabokosi ka ayezi. Tsiku la 7, la 14, la 21, sanaphonyepo.

BAMBO: ...

MAYI: Pa mapemphero a usiku aja, cha m'ma 11 koloko amakhalapo?

BAMBO: Amatuluka pang'ono. Amakalimbana ndi mizimu payekha.

MAYI: Amabwera akununkha chiyani?

BAMBO: Utsi wa... Ndi moto wa Mzimu umenewo.

MAYI: Makala amagula kwa mlamu wanga.

BAMBO: Mayi, musakhudze odzozedwa. Ndipatseni anapiye 200, ndilipira pa 25 tikalandira.

MAYI: Khola lake liti?

BAMBO: Lomwelo. Akalimbikitsane ndi 23 aja.

MAYI: Muwatenga liti?

BAMBO: Lachisanu. Koma mundikonzeretu msanga, tili ndi usiku wonse.

(Foni ikulira.)

BAMBO: Halo bwana... eee, ndikadali kuchipatala kuno... odwala 23... ayi bwana, adokotala ake ndi ovuta, akukana kupereka mankhwala.