Womvera ndiye akumenyedwa

Nkhani ya Iran ndi zida za nyukiliya imandisowetsa mtendere. Mmene mayiko akuluakulu akuigwirira, akuphunzitsa dziko lililonse lomwe lili ndi adani kuti njira yokhayo yopulumukira n'kukhala nalo bombalo.

Mu Julaye 2015, ku Vienna, Iran inasainirana pangano ndi America, Britain, France, Germany, Russia ndi China. Inavomera kusayenga yureniyamu kupitirira 3.67 peresenti, mlingo wongokwanira kupangira magetsi, komanso kusasunga woposa makilogalamu 300. Akatswiri a IAEA, bungwe loyang'anira za nyukiliya padziko lonse, ankalowa m'malo ake oyengera monga Natanz, kuika makamera, kumata zidindo pa makina, kutenga zoyeza, n'kumabwerako ndi malipoti oti Iran ikutsata zonse. Chomwe Iran inalonjezedwa chinali kuchotseredwa ziletso za malonda kuti igulitse mafuta ake momasuka. Koma mu Meyi 2018 a Donald Trump anatulutsa America m'panganomo, ziletso n'kubwerera zonse, pomwe Iran inali isanaphwanye kalikonse. Pofika 2021 inali ikuyenga mpaka 60 peresenti. Bomba limafuna pafupifupi 90.

Musandimve ngati ndikuikira kumbuyo boma la Tehran. Boma limeneli limawombera ana ake akachita zionetsero, ndipo palibe magetsi padziko lino amene amafuna yureniyamu wa 60 peresenti. Kukayikira kwa anthu kuli ndi maziko. Chomwe chikundivuta n'choti chilango chikugwera ndani, nanga akupulumuka ndani.

Muammar Gaddafi, mtsogoleri wa Libya, anasiya ntchito yake ya zida zoopsa mu Disembala 2003, napereka makina ake kwa Amereka, azungu n'kumuwombera m'manja. Mu 2011 ndege za NATO zinali pamutu pake, ndipo anaphedwa ku Sirte ndi anthu ake omwe. Chaka chomwecho cha 2003 Iraq inathiridwa nkhondo pa chifukwa cha zida zomwe sizinapezeke mpaka lero. North Korea nayo mu 2003 inatuluka m'pangano loletsa kufalitsa zida za nyukiliya, mu 2006 n'kuphulitsa bomba lake loyamba. Ziletso yapatsidwa zambirimbiri, anthu ake akuvutika, koma palibe amene anayerekeza kuiwombera. Mu 2018 mtsogoleri wake Kim Jong Un anakhala pampando umodzi ndi Trump ku Singapore, akumwetulirana pamaso pa makamera. Chaona mnzako chapita, ndipo akuluakulu a ku Pyongyang anachiona bwinobwino cha Gaddafi.

Ndiye pali Israel, imene sinasainepo pangano loletsa kufalitsa zida za nyukiliya lija, ndipo pafupifupi aliyense amadziwa kuti ili ndi mabomba ngakhale sivomera kapena kukana. Ku Dimona, kumalo ake a nyukiliya, oyendera a IAEA sapondako. India ndi Pakistan anayesa mabomba awo mu 1998, anadzudzulidwa pang'ono, lero amalandiridwa paliponse. Dziko lokhalo lomwe linadzipangira mabomba n'kuwaphwasula lokha ndi South Africa, ndipo ngakhale pamenepo boma la azungu linachita zimenezi litaona kuti ulamuliro ukupita kwa anthu akuda.

Mu Juni 2025 Israel inayamba kuphulitsa malo a Iran n'kupha akatswiri ake a sayansi, kenaka America inaphulitsa malo a nyukiliya a ku Fordow, Natanz ndi Isfahan. Ena anasangalala kuti vuto latha. Ine sindikuona chomwe chatha. Nzeru zopangira makina oyengera zili m'mitu ya anthu, sizipsa ndi bomba. Nkhondo isanayambe, IAEA inkadziwa kuti Iran ili ndi makilogalamu oposa 400 a yureniyamu wa 60 peresenti, ndipo inkatha kukawayeza. Nkhondo itatha, Iran inaimitsa mgwirizano wake ndi bungweli ndipo oyenderawo ananyamula katundu wawo n'kuchoka.