Msewu ndi umodzi, koma ku Chipata wapansi amamuwerengera

Anzathu a ku Zambia atiposa pa nkhani iyi, ndipo ndikuvomera mtima ukuwawa. Posachedwapa ndinali ku Chipata, ndipo chimene chinandigwira mtima si mashopu awo ayi, koma kanjira ka njinga. M'tauni muja, m'mbali mwa msewu waukulu, anasiyiratu mpata wa apanjinga, wapansi naye ali ndi poponda. Wakabaza amapalasa ali phee, atanyamula mayi ndi thumba la ufa, osacheukacheuka ngati wathawa ngongole.

Chimene chikundipweteka n'chakuti msewuwu ndi womwewo. Great East Road imachoka ku Lusaka, kuwoloka Luangwa, kudutsa Nyimba, Petauke, Katete ndi Chipata, n'kufika pa Mwami. Ukangolowa kwathu umasanduka M12, wa ku Mchinji, Kamwendo, Namitete, Msundwe mpaka Lilongwe. Akuluakulu amautcha mbali ya Nacala Corridor, njira yotengera katundu ku doko la Nacala ku Mozambique. Mu Disembala 2022 a Chakwera ndi a Hichilema anatsegulira limodzi chipata cha Mchinji-Mwami kuti mapepala azithera pamalo amodzi, thiraki isamagone pa boda. Zabwino zimenezo, sindikukana.

Koma thiraki ija ikamasulidwa msanga imathera kuti? Imatsikira pa Kamwendo tsiku la msika! Phula linadyeka m'mbali, potsikira pali chiphompho, ndipo pomwepo ndi pamene pali amayi a tomato, ana ochokera kusukulu, ngolo, minibasi yoima pakati kuitanira anthu, ndi njinga yosenza makala. Dalaivala amangoliza hutala ali patali, kwinako uzionera wekha: kudumphira m'ngalande kapena kusanduka nkhani ya pa wailesi. Madzulo ndiye musanene, mdima wa bii, woyenda pansi amaoneka galimoto itafika kale pamphuno.

Ine ndimaona kuti vuto limayambira pomwe amajambula mapulani a misewu yolumikiza mayikoyi. Kumeneko amawerenga matani a feteleza, mafuta ndi maola amene thiraki imataya pa boda. Galimoto ili ndi Yellow Card ya COMESA, inshuwalansi yoyendera m'mayiko angapo. Nanga gogo wa ku Namitete amene munda wake uli tsidya lina la msewu, anamukonzera chiyani? Ngati mayiko awiri anatha kugwirizana za nyumba imodzi ya kasitomu, chingawalepheretse n'chiyani kugwirizana kuti paliponse pomwe msewuwu ukudutsa pa msika kapena pa sukulu pakhale mabampu, magetsi, powolokera pooneka bwino ndi njira ya apansi yotalikirana ndi phula? Opereka ngongole za misewuyi ndi omwewonso mbali zonse, monga African Development Bank.

Musaganize kuti ku Zambia ndi kumwamba. Ku Lusaka, pa Manda Hill, mlatho wa anthu oyenda pansi ulipo, koma ena amadutsabe pansi mothamanga, kuopa masitepe. Lamulo la liwiro la makilomita 30 pa ola m'malo odzaza anthu monga pa sukulu analikhazikitsa, koma madalaivala a minibasi akumeneko ndi abale awo a kuno, mimba imodzi. Ifenso tisadzinyoze kotheratu: msewu wolambalala mzinda wa Lilongwe chakumadzulo unachotsadi mathiraki ambiri m'kati mwa tauni. Kungoti nyumba ndi timisika zautsatira konko, ndiye tayambanso kupanikizana.

Za ku Mozambique sindilankhula zambiri, chifukwa pa Lizulu timagawana vuto limodzi. M1 pamenepo ndiyo malire, mbatata ndi kabichi mbali zonse ziwiri, ogula n'kumawoloka uku ndi uku pakati pa mabasi. Munthu amachoka dziko lina kulowa lina popanda womufunsa pasipoti, komanso popanda chomuteteza.

Ndalama za pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke tikulipira, za pa mafuta tikulipiranso. Tsono akamadzakonza M12, mainjiniya athu asavutike n'kukwera ndege kukaphunzira ku Ulaya. Akwere minibasi ya ku Mchinji, adumphe boda, akaime pa Chipata theka la tsiku. Thiransipoti ndiwalipirira ine.